Kumanga kompyuta ya pakhomo ndi ndalama zochepa

Mu 1980 kampani ya IBM inali pa liwiro. Apple, Commodore ndi Tandy anali atayamba kale kugulitsa makompyuta ang'onoang'ono oika pa tebulo, ndipo chimphona chozolowera kupanga makina odzaza chipinda chinaona kuti msika watsopanowu ukuchipitirira. Gulu la mainjiniya ku Boca Raton, ku Florida, limene linadzatsogoleredwa ndi Don Estridge, linapatsidwa chaka chimodzi chokha. Nthawi yoti apange chilichonse okha panalibe. Purosesa anagula ku Intel, pulogalamu yoyendetsa makinawo anatenga ku Microsoft, zipangizo zina anaoda kwa opanga ena, ndipo pa 12 Ogasiti 1981 IBM PC inatuluka. Anasindikizanso buku lofotokoza m'kati monse mwa makinawo, ngakhale mayalidwe a mawaya. Pofika 1983 Compaq inali ikugulitsa kompyuta yake yoyendetsa mapulogalamu omwewo, ena ambiri anatsatira, ndipo IBM inalephera kuwaletsa.

Phuma la chaka chimenecho ndilo likupindulira lero wophunzira kapena mwini bizinesi yaing'ono amene akufuna kompyuta koma m'thumba muli mopepuka. Kompyuta ya pa tebulo si chinthu chimodzi ayi. Ndi zipangizo zingapo zochokera ku makampani osiyana amene anagwirizana pa miyezo. Muyezo waukulu, wa ATX, unakhazikitsidwa ndi Intel mu 1995, ndipo umanena kukula kwa motherboard, bolodi lalikulu limene zonse zimalumikizidwapo, malo a mabowo ake, ndi mtundu wa mawaya a magetsi. Chifukwa cha miyezo yotereyi, bolodi la ASRock ya ku Taiwan limalowa m'bokosi lopangidwa ku China, n'kulandira RAM ya Samsung ya ku South Korea ndi purosesa ya AMD ya ku America, popanda kucheka kapena kuwotcherera kalikonse. Munthu akakhala ndi purosesa, bolodi, RAM, SSD yosungira zinthu, power supply ndi bokosi, kompyuta yakwana. Ena amaonjezera graphics card. Chida chomangira ndi screwdriver imodzi, ija amisiri amaitcha star.

Funso limene aliyense amayamba nalo n'lakuti kodi kumanga wekha n'kotchipa kuposa kugula yomangamanga. Yankho loona n'lakuti si nthawi zonse. Dell, HP ndi Lenovo amaoda zipangizo zochuluka zedi nthawi imodzi, ndiye amazipeza pa mtengo umene munthu mmodzi sangaupeze. Laisensi ya Windows 11 Home pa sitolo ya Microsoft ndi madola 139 a ku America, pomwe makampani akuluakuluwa amalipira zochepa kwambiri pa kompyuta iliyonse. Pa makompyuta a pansi penipeni, ongolembera ndi kutsegulira intaneti, womanga yekha kawirikawiri sapambana pa mtengo. Phindu lake lili pena: iye ndiye amasankha kumene ndalama zochepazo zigwere. Wopanga makompyuta a m'sitolo amadziwa kuti wogula amawerenga dzina la purosesa pa chikwangwani basi, ndiye amaika purosesa ya dzina lomveka n'kumana ndalama zinthu zobisika m'kati, monga RAM imodzi yokha ndi power supply yongokwanira lero. Womanga yekha angathe kutembenuza zimenezi. Ndipo tsiku limene chipangizo chimodzi chafa, amasintha chomwecho, zina zonse n'kupitiriza ntchito.

Choncho ntchito imayamba munthu asanafunse n'komwe mitengo. Kodi kompyutayi izigwira chiyani? Yolembera ntchito za kusukulu, kuwerengera ndalama za shopu pa Excel ndi kuonera mavidiyo ndi ina. Yokonzera mavidiyo a ukwati ndi ina. Yosewerera magemu atsopano ndi inanso. Kusiyana kwakukulu kuli pa graphics card, khadi lojambula zithunzi zimene zimaoneka pa monita, limene m'makompyuta a magemu limadya ndalama kuposa china chilichonse. Amene ntchito yake sikufuna khadili wapulumutsa kale gawo lalikulu la bajeti, bola asankhe purosesa yoyenera.

Pamenepa pali kachilembo kamodzi kamene kaliza anthu ambiri. Mapurosesa ena ali ndi mbali yotulutsa zithunzi m'kati mwake, ena alibe. Ku Intel, dzina likathera ndi F ndiye kuti mbaliyo mulibe: Core i3-12100 imaonetsa zithunzi payokha, koma Core i3-12100F, imene imatsikirako mtengo pang'ono, sionetsa kanthu popanda khadi. Ku AMD, pa mapurosesa a Ryzen a soketi ya AM4, okhala ndi G ndiwo ali nayo. Ryzen 5 5600G imayatsa monita yokha, Ryzen 5 5600 ayi. Chosokoneza n'chakuti bolodi limakhala ndi bowo la HDMI kumbuyo mulimonsemo. Munthu amalumikiza waya bwinobwino, mafani n'kuyamba kuzungulira, koma monita ili bii, iye n'kumakanda pamutu poganiza kuti am'gulitsa bolodi lakufa.

Ryzen 5 5600G yomweyo, imene inafika m'masitolo mu 2021, ndi chitsanzo chabwino cha purosesa ya munthu wa ndalama zochepa. Ili ndi ma core 6, imawerengeredwa ma watt 65, imabwera ndi fani yake m'katoni, ndipo zithunzi zake zimakwanira ntchito za mu ofesi, mavidiyo ndi magemu opepuka. Si yatsopano, ndipo ubwino wake wagona pomwepo.

Nkhani yake ndi ya soketi, malo amene purosesa imakhala pa bolodi. Soketi iliyonse imalandira banja limodzi lokha la mapurosesa. Intel imasintha soketi pafupipafupi: LGA1200 mu 2020, LGA1700 mu 2021, LGA1851 mu 2024. Wogula zakale asamale makamaka ndi LGA1151, imene ili ndi mitundu iwiri yooneka chimodzimodzi, moti purosesa ya m'badwo wa 8 imakhala bwinobwino pa bolodi la m'badwo wa 6 kapena 7 koma osayaka. AM4 ya AMD, imene inatuluka mu 2016, yakhalitsa modabwitsa, ndipo ogula anachita kuimenyera nkhondo. Mu Meyi 2020 AMD inalengeza kuti mabolodi a B450 ndi X470 sadzalandira mapurosesa otsatirawo. Anthu anakwiya, ndipo pasanathe milungu iwiri kampaniyo inabweza mawu. Mu 2022 inalolanso mabolodi akale a mu 2017, ndipo mu 2024 inali ikutulutsabe mapurosesa atsopano a soketi yomweyi, monga Ryzen 7 5700X3D. N'chifukwa chake msika uli ndi mabolodi ndi mapurosesa ambiri a AM4, atsopano ndi ogwirapo kale ntchito, pa mtengo wozizira, ndipo amene wayamba ndi purosesa yaing'ono angadzakweze osasintha bolodi. AM5, ya mu 2022, ili ndi tsogolo lalitali, koma imafuna RAM ya DDR5 yokha, ndipo zonse pamodzi zimaboola m'thumba.

Msampha wa kukhalitsa kumeneku ndi BIOS, kapulogalamu kokhala m'bolodi kamene kamadzutsa kompyuta. Bolodi la B450 limene lagona m'sitolo kuyambira 2019 silingaidziwe 5600G mpaka BIOS itasinthidwa. Mabolodi ena ali ndi batani losinthira BIOS popanda purosesa, ena amafuna kuti munthu abwereke kaye purosesa yakale. Pa katoni ya mabolodi okonzeka pamakhala chizindikiro chonena kuti amalandira Ryzen 5000. Chikasowa, wogula apemphe wogulitsa asinthe BIOS ndalama zisanaperekedwe.

Pa bolodi lenilenilo palibe chifukwa chowonongera ndalama, popeza siliwonjezera liwiro. La microATX, lotalika mamilimita 244 mbali zonse, nthawi zambiri ndilo lotsika mtengo. Zoyang'ana ndi zochepa: malo a RAM akhale anayi ngati n'kotheka, pakhale malo a M.2 oikapo SSD, ndipo kumbuyo kukhale bowo logwirizana ndi monita imene ili pakhomo, chifukwa mamonita akale ambiri ali ndi VGA yokha. Mabolodi otchipa ambiri alibe Wi-Fi, ndipo zimenezi zimazindikirika mochedwa.

RAM ndi malo amene kompyuta imayala ntchito imene ikugwira pa nthawiyo. Microsoft imati Windows 11 imafuna ma gigabyte 4, koma amene watsegulapo Chrome ndi Word pamodzi pa 4 amadziwa kuti kumeneko n'kungoyaka chabe. Ma gigabyte 8 ndi poyambira, 16 ndiye pa mtendere. Ndipo 16 ameneyo akhale ma RAM awiri a 8, osati imodzi ya 16, chifukwa purosesa ili ndi njira ziwiri zofikira ku RAM, ndipo RAM imodzi imasiya njira inayo ikungokhala. Pa purosesa ngati 5600G, imene zithunzi zake zimabwereka RAM yomweyo, kusiyanaku kumaoneka ndi maso pa gemu. DDR4 ndi DDR5 zonse zili ndi mapini 288, koma kampata ka pakati kali pa malo osiyana, ndiye ina silowa m'malo mwa inzake. RAM ya laputopu ndi yaifupi, nayonso silowa.

Mtengo wa RAM sukhazikika. Gawo lalikulu kwambiri la RAM ya pa dziko lonse limachokera ku makampani atatu, Samsung, SK hynix ndi Micron. Chakumapeto kwa 2025 makampani omanga malo akuluakulu a makompyuta a AI anagula zochuluka moti mitengo ya RAM ya anthu wamba inawirikiza m'miyezi yochepa, ndipo mu Disembala Micron inalengeza kuti ikusiya kugulitsa zinthu za Crucial, dzina limene omanga makompyuta otchipa analidalira kwa zaka zambiri. Zoterezi zinachitikanso ndi ma hard disk mu 2011, madzi atasefukira ku Thailand n'kumiza mafakitale a Western Digital. Mndandanda wa mitengo umene mnzako analemba chaka chatha ungasokeretse. Bajeti imakonzedwa pa mitengo ya sabata yogulayo.

Pa chosungira zinthu palibe mkangano. Hard disk ya mbale zozungulira imawerenga ma megabyte 150 mpaka 200 pa sekondi ikamachita bwino, SSD ya SATA imafika 550, ndipo ya NVMe, kachitsulo ka mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali kolowa pa bolodi penipeni, imatha kufika 3,500 pa PCIe 3.0. Kuchoka pa hard disk kupita pa SSD iliyonse kumasintha kompyuta kuposa kukweza purosesa. Kuchoka pa SATA kupita pa NVMe sikumveka kwenikweni pa ntchito za tsiku ndi tsiku. SSD ya ma gigabyte 500 ndi poyambira pabwino, ndipo hard disk ingadzabwere pambuyo yosungira mavidiyo ndi zithunzi. Ma SSD a mayina osadziwika olonjeza ma terabyte ambiri pa mtengo wosamveka nthawi zambiri amakhala achinyengo: amaonetsa malo aakulu, koma zolembedwa kupitirira malo enieniwo zimangosowa.

Chipangizo chofunika kuchiganizira mofatsa kuposa zonse ndi power supply. Imatenga magetsi a pakhoma n'kuwasandutsa ma volt 12, 5 ndi 3.3 amene zipangizo zimafuna. Siwonjezera liwiro, sioneka, palibe amene amainyadira, ndipo munthu ndalama zikamuthera ndi imene amathamangira kuichepetsa. Koma apa ndiye posayenera kuumira n'komwe. RAM ikafa imafa yokha. Power supply yoipa ikamafa imatha kutenga bolodi, SSD ndi zonse zinali m'menemo. Mabokosi ena otchipa amabwera ndi power supply yomangiratu, yopepuka m'manja, ya mawaya owonda, pambali atalembapo 500W popanda dzina lodziwika. Nambala yotere nthawi zambiri sikwanika. Chofunika kuwerenga pa pepala la pambalilo ndi mzere wa 12V, chifukwa purosesa ndi khadi la zithunzi zimakoka pamenepo. Pa power supply yabwino ya makono, mzere umenewu wokha umakhala pafupi ndi mphamvu yonse yolembedwayo.

Chizindikiro cha 80 PLUS, chimene chinayamba mu 2004, chimathandiza, koma ambiri amachimva molakwika. Chimangonena kuti magetsi osachepera 80 pa 100 alionse olowa amafika ku kompyuta m'malo mosanduka kutentha, ndipo Bronze, Gold ndi enawo ndi makwerero a nkhani yomweyo. Za kulimba ndi chitetezo sichinenapo kanthu. Mu 2021 a Gamers Nexus, oyesa zipangizo za makompyuta ku America, anaonetsa ma power supply a Gigabyte a GP-P750GM ndi GP-P850GM, onse a Gold, akuthetheka ndi kupsa poyesedwa, ndipo kampaniyo inasintha makonzedwe ake n'kulola ogula kukasinthitsa. Choncho ngakhale dzina la kampani palokha silikwanira. Munthu afufuze mtundu weniweniwo, nambala yake, zimene oyesa odziimira paokha anapeza, ndi zaka za waranti. Za kukula n'zosavuta. Kompyuta ya 5600G yopanda khadi sipitirira ma watt 150, ndiye power supply yabwino ya 450 kapena 550 imasiya mpata wa khadi lodzabwera.

Kwa womanga ali ku Malawi nkhaniyi imakula. Magetsi a kuno ndi a ma volt 230, monga a ku Zambia, South Africa ndi Britain, pomwe a ku America ndi 120. Ma power supply abwino a masiku ano amalandira onse okha, koma akale ndi ena otchipa ali ndi kaswichi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 mbali ina, 230 mbali ina. Kompyuta yochokera ku America ikalumikizidwa kaswichi kali pa 115, imapsa nthawi yomweyo. Ndi chinthu choyang'ana waya asanalowe pakhoma. Kenako pali kuthimathima. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi ma megawatt 130 mpaka mu 2023, ndipo aliyense amakumbukira maola a mdima a nthawi imeneyo. Magetsi akathima mwadzidzidzi ntchito yosasungidwa imatayika ndipo mafayilo amatha kuwonongeka. Akamabwerera amatha kubwera ndi mphamvu yopitirira. Choopsa kwambiri ndi kuthima BIOS ili m'kati mosinthidwa, chifukwa bolodi limatha osayakanso. UPS, batire yothandiza magetsi akathima, ikakhala yaing'ono, ya 650VA, sipatsa maola ogwirira ntchito ayi, imapatsa mphindi zochepa zosungira ntchito ndi kuthimitsa bwino, ndipo mtengo wake uyenera kulowa m'bajeti kuyambira pachiyambi. Amene ali pa sola adziwenso kuti ma inverter otchipa satulutsa magetsi osalala, ndipo ma power supply ena amalira kapena kuzima akalandira otere.

Pa chifukwa chomwechi, pali anthu amene kompyuta ya pa tebulo siwayenera. Wophunzira wokhala kumene magetsi amathima madzulo ambiri, amenenso amafuna kunyamula ntchito yake kupita nayo m'kalasi, athandizidwa bwino ndi laputopu, chifukwa ili ndi batire, monita ndi kiyibodi zakezake. Kumulimbikitsa kumanga kompyuta n'kumulakwira.

Wofuna magemu kapena kukonza mavidiyo olemera sangathawe khadi, ndipo msika wa makhadi uli ndi mbiri yake. Mu 2021 kusowa kwa ma chip ndi anthu okumba ndalama ya pa intaneti ya Ethereum zinakweza mitengo moti makhadi ena ankagulitsidwa kuwirikiza kawiri mtengo wake. Pa 15 Seputembala 2022 Ethereum inasiya njira yokumbira ndi makhadi, ndipo makhadi ogwira ntchito usana ndi usiku kwa zaka anakhuthukira pa msika wa zakale. Radeon RX 580 ya mu 2017 ili paliponse pa chifukwa chimenechi. Ambiri akugwirabe ntchito, koma mafani ake ndi otopa ndipo khadilo limawerengeredwa ma watt 185. RX 6600 ya mu 2021 ndi yamphamvu kuposa pamenepo ndipo imafuna 132 okha. GeForce GTX 1650 ndi yofooka, koma mitundu yake yambiri imakhutira ndi ma watt 75 a pa bolodi popanda waya wina. Palinso makhadi achinyengo enieni. Otchuka ndi ogulitsidwa ngati GTX 1050 Ti pomwe m'kati muli GTS 450 ya mu 2010 yosinthidwa dzina. Amagwidwa ndi bowo la VGA kumbuyo, limene makhadi enieni a m'badwo umenewo alibe, komanso ndi pulogalamu yaulere ya GPU-Z, imene imalemba poyera kuti khadilo n'labodza.

Pali njira yapakati imene kwa ambiri ndiyo yanzeru: kugula kompyuta ya mu ofesi yogwirapo kale ntchito, monga Dell OptiPlex, HP EliteDesk kapena Lenovo ThinkCentre, n'kuiwonjezera RAM ndi SSD. Makinawa anapangidwa kuti aziyaka tsiku lonse, ndipo laisensi ya Windows imakhala yomangirira kale m'bolodi. Malire ake ndi awiri. Ambiri satsatira muyezo wa ATX, ndiye power supply ndi bolodi zimakhala za mawaya awoawo, ndipo mabokosi opyapyala amalandira makhadi aafupi okha. Malire achiwiri ndi a Windows. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena ambiri a Ryzen 2000 kupita m'tsogolo. N'chifukwa chake maofesi a kunja akutaya makompyuta a Core i5-6500 ndi i5-7500 ochuluka, ndipo amafika m'misika ya kuno ooneka bwino. Wogulitsa akangoti "ndi i5", funso likhale lakuti i5 yake iti. Manambala oyambirira ndiwo amanena m'badwo. OptiPlex 3060 ya i5-8500, ya ma core 6, imalandira Windows 11. Kompyuta ya i5-7500 ayi. Akalewo sanafe, amayenda bwino kwambiri ndi Linux Mint kapena Ubuntu, imene kampani ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa inatulutsa mu 2004, ndipo zonsezi n'zaulere. Koma munthu adziwe chimene akugula, ndipo mtengo utsike moyenera.

Zipangizo zonsezi zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya m'mashopu a makompyuta inatsatira pompo. Ambiri amadalira m'bale wa ku South Africa kuti awagulire ku Wootware, Evetech kapena Takealot, kapena wa ku Britain, kumene pulagi ndi yofanana ndi ya kuno. Njirayi imathandiza pa zinthu zazing'ono, purosesa, RAM ndi SSD, zimene zimalowa m'chikwama. Bokosi ndi monita n'zolemera ndi zosweka, bola kuzipeza pafupi. Pamwamba pa mtengo pamabwera zonyamulira ndi msonkho. Ndiye pali waranti. Bolodi likafika lakufa, kulibweza ku Johannesburg kuchokera ku Mzuzu kungadye ndalama zoposa mtengo wake, pomwe shopu ya m'tauni, ngakhale yokwererako, ili ndi khomo loti munthu n'kukagogoda. Chizolowezi chogula chipangizo chimodzi mwezi uliwonse chili ndi vuto lomweli: podzafika tsiku lomanga, nthawi yobwezera bolodi logulidwa poyamba inatha kalekale. Ndi bwino kusunga ndalamazo n'kugula zofunika kuyesera pamodzi nthawi imodzi. Mndandanda usanatumizidwe, tsamba la pa intaneti la PCPartPicker limathandiza kuona ngati zipangizo zikugwirizana, ngakhale mitengo yake ndi ya maiko ena. Pogula zakale, purosesa ndi RAM sizifa wamba. Power supply ndi SSD n'zoyenera kugula zatsopano, ndipo amene wakakamizika kugula SSD yakale aione kaye ndi CrystalDiskInfo, imene imaonetsa maola amene yagwira ntchito ndi thanzi lake.

Kumanga kwenikweniko kumatenga masana amodzi. Kumayambira kunja kwa bokosi, bolodi litagonekedwa pa katoni yake. M'miyezi youma ya Ogasiti mpaka Okutobala thupi limasunga magetsi amene amathetheka munthu akagwira chitsulo, ndiye womanga azikhudza chitsulo cha bokosi kawirikawiri ndipo azigwira zipangizo m'mphepete. Pa AM4 amakweza kandodo ka pambali pa soketi, n'kuyang'ana kachizindikiro ka makona atatu, kagolide, pa ngodya imodzi ya purosesa, n'kukalunjikitsa ndi kanzake ka pa soketi. Pansi pa purosesayo pali timapini 1,331 topyapyala. Ikalunjika imangotsetsereka yokha n'kukhala. Ikakana, ndiye kuti yapotoka, ndipo kuikanikiza n'kupinda mapini. Pa LGA1700 mapini ali m'soketi, ndipo chala chisayandikeko. Fani ya m'katoni imabwera itapakidwa kale phala lotuwa lothandiza kutentha kudutsa. Pa fani yogula padera, munthu amachotsa kaye kapulasitiki ka pansi, kamene ambiri amakaiwala, n'kudontheza phala lochepa ngati kambewu ka nandolo pakati pa purosesa. Ma screw amamangidwa mopingasa, pang'onopang'ono, ndipo waya wa fani umalowa polembedwa CPU_FAN.

RAM ndiyo imafuna mphamvu. Pa bolodi la malo anayi, ma RAM awiri nthawi zambiri amalowa pa malo achiwiri ndi achinayi kuchokera ku purosesa, ndipo buku la bolodi limanena. Amakanikizidwa mbali zonse mpaka tozitsekera titalira kuti kha. SSD ya M.2 imalowa chopendeka, n'kugonekedwa, n'kumangidwa ndi ka screw kakang'ono kosavuta kutaya. M'bokosi, bolodi limakhala pa timiyendo tachitsulo tolitukula kuti lisakhudze khoma la bokosilo, ndipo kamwendo kalikonse kakhale pansi pa bowo, chifukwa kotsalira pamalo polakwika kamatha kuwotcha bolodi. Mawaya aakulu ndi awiri, wa mapini 24 m'mbali ndi wa mapini 8 pafupi ndi purosesa. Wachiwiriyu amafanana ndi wa khadi la zithunzi koma si amodzi: wa purosesa amagawika 4 ndi 4, wa khadi 6 ndi 2. Chotopetsa kwambiri ndi timawaya ta batani loyatsira ndi magetsi a kutsogolo, timene timalowa pa timapini tothithikana pa ngodya ya pansi. Apa pamafunika buku, tochi ya foni ndi kudekha.

Kuyatsa koyamba kumachedwa, chifukwa bolodi limayesa kaye RAM, ndipo nthawi zina limazima n'kuyakanso lokha. Monita ikakhalabe bii, zoyamba kuona ndi swichi ya kumbuyo kwa power supply, waya wa mapini 8, RAM yosalowa mokwanira, ndi HDMI yolumikizidwa pa bolodi pomwe khadi lilipo. Mabolodi ambiri ali ndi timagetsi tinayi tolembedwa CPU, DRAM, VGA ndi BOOT, ndipo kamene katsala koyaka kamaloza kumene kuli vuto. Ikayaka, batani la Del kapena F2 limalowetsa mu BIOS, mmene munthu amaona ngati RAM ndi SSD zonse zikuoneka, n'kuyatsa XMP, imene mabolodi ena a AMD amaitcha DOCP. Popanda zimenezi RAM yogulidwa ngati 3200 imatha kuyenda pa 2133 moyo wake wonse.

Windows 11 imaikidwa kuchokera pa flash ya ma gigabyte 8, ndipo kuitsitsa kumadya bandulo yoposa ma gigabyte 5, pomwe Linux Mint ndi pafupifupi 3. Windows 11 Home imafunanso intaneti poikidwa. Bolodi likakhala lopanda Wi-Fi, foni yolumikizidwa ndi waya wa USB imatha kupereka intanetiyo. Zikatha izi, masiku obwezera katundu asanathe, kompyuta iyesedwe mwamphamvu. Pulogalamu yoyesera RAM ya MemTest86 isiyidwe ikuyenda maola angapo, ndipo cholakwika ngakhale chimodzi chikatuluka, XMP izimitsidwe n'kuyesanso. Chikatulukabe, RAM ibwezedwe. Purosesa ipatsidwe ntchito yolemera kwinaku kutentha kwake kukuonedwa. Malire a 5600G ndi madigiri 95, ndipo ikamayandikira pamenepo m'mphindi zochepa, fani sinakhale bwino ndipo iyenera kumasulidwa, kupukutidwa ndi kumangidwanso. Poimasula, iyambe yapotozedwa pang'ono uku ndi uku purosesa ikadali yofunda, chifukwa pa AM4 phala louma limatha kuzula purosesa m'soketi pamodzi ndi fani. Makatoni, malisiti ndi kachivindikiro kapulasitiki ka soketi ya Intel zisungidwe, popeza opanga mabolodi ambiri amafuna kachivindikiroko kakhalepo bolodi likamabwezedwa.